Zipangizo Zapamsika ndi Miyezo ya Onse pa Zamagetsi za m'Ndege Zankhondo

Ndege yankhondo ndi katundu wokhalitsa. Ndege zoponya mabomba za mtundu wa B-52H, zimene asilikali a dziko la America akugwiritsabe ntchito mpaka lero, zinatuluka m'fakitale m'zaka za 1961 ndi 1962, ndipo boma la dzikolo likufuna kuti ziziulukabe kufikira m'zaka za m'ma 2050. Koma makompyuta ndi zipangizo zina zamagetsi za m'kati mwa ndege zotere sizikhalitsa chomwecho. Kachipangizo kamene lero kali kamakono kamasowa pamsika pakangopita zaka zochepa, monga momwe foni yam'manja imasandukira yachikale mwini wake asanaitope. Vuto limene maboma ambiri akulimbana nalo lagona pamenepa: thupi la ndege limakhala zaka makumi ambiri, pamene ubongo wake umakalamba msanga.

Pofuna kuthana ndi vutoli, mayiko opanga ndege zankhondo akutsata njira ziwiri zoyendera limodzi. Yoyamba ndi kugula zipangizo zopangidwa kale, zimene zikugulitsidwa pamsika kwa aliyense, m'malo mopangitsa zapadera za asilikali okha. Yachiwiri ndi kugwirizana pa miyezo yolembedwa poyera, kuti chipangizo cha kampani ina chithe kulowa pamalo pa cha kampani inzake. Nkhani ino ikulongosola chiyambi cha njira ziwirizi, mmene zimagwirira ntchito, phindu lake ndi zovuta zake, popeza ndalama zogulira ndi kusamalira ndege zimachokera ku misonkho ya anthu wamba m'dziko lililonse.

Ntchito ya zamagetsi m'ndege yankhondo

Zamagetsi za m'ndege zimagwira ntchito zambiri zimene kale zinkadalira maso, makutu ndi manja a woyendetsa. Pali makompyuta owongolera mapiko ndi chipsepse kuti ndege isapendekeke. Pali radar yoona ndege zina ndi zinthu zapansi ngakhale usiku kapena m'mitambo. Pali mawailesi olankhulirana, zipangizo zosonyeza pamene ndege ili, makamera, magalasi oonetsera woyendetsa zonse zimene zikuchitika, komanso zida zochenjeza ndege ikalondoledwa ndi mzinga wa adani. Zonsezi zimalumikizidwa ndi mawaya ndipo zimayendetsedwa ndi mapulogalamu a kompyuta. Mu ndege ya F-35, mapulogalamu a m'kati mwake ali ndi mizere ya malangizo yoposa 8 miliyoni.

Pamtima pa chipangizo chilichonse pali tizidutswa tating'ono totchedwa chip, tofanana ndi timene timapezeka mu foni, mu wailesi kapena m'galimoto. Kusiyana kwake n'kwakuti chip ya m'ndege yankhondo imakhala pamalo ankhanza. Ndege ikakwera makilomita 11 m'mwamba, kunja kumazizira kufika pafupifupi madigiri 56 pansi pa ziro, pamene ikaima pabwalo m'chipululu zitsulo zake zimatentha moti munthu sangazigwire. Ndege ya F-16 ikakhota mwamphamvu, chilichonse cha m'kati mwake chimalemera kuwirikiza kasanu ndi kanayi. Pamwamba pa izo pali kunjenjemera kwa injini, chinyezi, fumbi, ndiponso mchere wa m'nyanja kwa ndege zotera pa sitima zankhondo.

Mmene zinkachitikira kale

Kwa zaka zambiri, asilikali a ku America ankalemba okha malamulo a kapangidwe ka chinthu chilichonse chimene ankagula. Malamulowa analipo masauzande ambiri, ndipo ankafotokoza mwatsatanetsatane chitsulo choyenera kugwiritsidwa ntchito, kayesedwe kake, ngakhale kapakidwe ka utoto. Njira imeneyi inali ndi chifukwa chake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, pamene ma chip ankangoyamba kumene kupangidwa, wogula wamkulu anali boma la America, limene linkawafuna pa mizinga ya Minuteman II ndi pa makompyuta a zombo za Apollo zopita kumwezi. Wogula wamkulu ndiye amalamula pamsika, choncho mafakitale ankatsata zofuna za boma mosanyinyirika.

Zinthu zinatembenuka pamene makompyuta a m'maofesi ndi m'nyumba, mawailesi akanema, magalimoto ndiponso mafoni anayamba kufuna ma chip ochuluka zedi. Pofika m'zaka za m'ma 1990, gawo la asilikali pa msika umenewu linali litachepa kwambiri. Makampani akuluakulu monga Motorola ndi Intel anasiya kupanga ma chip apadera a asilikali, poona kuti phindu lenileni lili kwa anthu wamba. Zotsatira zake zinali zowawa: asilikali ankalipira ndalama zambiri pa chipangizo chochedwa kufika, chimenenso mphamvu zake zinali zochepa poyerekeza ndi kompyuta yogulitsidwa m'sitolo.

Panalinso vuto lachiwiri. Kampani yopanga ndege inkalumikiza zipangizo zake mwa njira yodziwa yokha, ndipo mapulani ake inkawasunga ngati chinsinsi cha malonda. Boma likafuna kusintha wailesi kapena kuwonjezera kamera, linkayenera kubwerera kwa kampani yomweyo ndi kulipira mtengo uliwonse umene yatchula. Mlimi amene anagulapo mpope wothirira kapena chigayo chimene zitsulo zake zimapezeka kwa wogulitsa mmodzi yekha akudziwa bwino ukapolo woterewu.

Kalata ya mu 1994

Pa 29 Juni 1994, nduna ya zachitetezo ya dziko la America, William Perry, inalemba kalata yolamula kuti kagulidwe ka katundu wa asilikali kasinthe. Mfundo yake inali yakuti asilikali azinena ntchito imene akufuna kuti chipangizo chigwire, osati kulamula mmene chipangidwire, ndiponso kuti azitsata miyezo ya pamsika paliponse pamene n'kotheka. Malamulo apadera a asilikali anayenera kugwiritsidwa ntchito pokhapokha palibe njira ina, ndipo wofuna kutero ankayenera kupempha chilolezo. Dongosolo linatembenuzidwa: chimene kale chinali chizolowezi chinasanduka chopempha.

Kuchokera nthawi imeneyo, mawu achidule a Chingerezi akuti COTS, otanthauza katundu wopangidwa kale amene wogula amangomutenga pashelefu, anafala pakati pa opanga zida ku America, ku Ulaya ndi kwina konse.

Chipangizo chapamsika sichilowa m'ndege mmene chilili

Ena akamva za nkhaniyi amaganiza kuti amisiri amangogula kompyuta m'sitolo n'kuimangirira m'ndege. Sizili choncho. Ma chip amagulitsidwa m'magulu molingana ndi kutentha kapena kuzizira kumene angapirire. A gulu wamba amagwira ntchito kuyambira pa madigiri 0 kufika pa 70. A m'mafakitale amapirira kuyambira madigiri 40 pansi pa ziro kufika pa 85. A gulu la asilikali amapirira kuyambira madigiri 55 pansi pa ziro kufika pa 125. Choncho mmisiri amene wasankha chip ya gulu wamba kapena la m'mafakitale ayenera kuimangira nyumba yoiteteza.

Ntchito yolimbitsayi ili ndi mbali zingapo. Bolodi limene pakhala ma chip limamangidwa pa chitsulo chopyapyala chimene chimakoka kutentha n'kukupereka ku bokosi lakunja, chifukwa m'mwamba mpweya ndi wochepa ndipo fani yokha singaziziritse mokwanira. Bolodilo limapakidwa mankhwala oonekera otchinga chinyezi, ndipo limapanikizidwa m'malo mwake ndi zomangira zolimba kuti lisagwedere. Likatha kumangidwa, limayesedwa pa makina oligwedeza, m'zipinda zoziziritsa ndi zotenthetsa, komanso pafupi ndi mafunde amphamvu a wailesi. Asilikali a ku America amatsata malamulo otchedwa MIL-STD-810 poyesa kupirira kwa chipangizo ndi MIL-STD-461 poyesa ngati sichisokoneza kapena kusokonezedwa ndi zinzake.

Palinso mdani wosaoneka ndi maso. Kuchokera kuthambo kumagwa tizidutswa tamphamvu timene m'mwamba mouluka ndege timachuluka kwambiri kuposa pansi. Kamodzi kakagunda chip kangasinthe nambala imene kompyuta yasunga. Pofuna kupewa ngozi, amisiri amaika njira zoti kompyuta izidzikonza yokha ikapeza nambala yolakwika, ndipo pa ntchito zokhudza moyo amaika makompyuta atatu kapena anayi owerengera chinthu chimodzimodzi, kuti imodzi ikasokonekera zinzake ziipose mawu.

Umboni wakuti chip yapamsika ingapirire malo ovuta unaoneka kutali ndi nkhondo. Kandege ka Ingenuity, kamene bungwe la NASA linatumiza ku pulaneti ya Mars, kankayendetsedwa ndi chip ya Snapdragon 801 ya kampani ya Qualcomm, yomwe inapangidwira mafoni. Kanauluka koyamba pa 19 Epulo 2021. Akatswiri anakonza zoti kauluke maulendo 5 okha, koma kanauluka maulendo 72 kufikira mu Januwale 2024.

Tanthauzo la muyezo wa onse

Muyezo wa onse ndi mgwirizano wolembedwa, umene aliyense angauwerenge ndi kuutsata, wonena za kukula kwa chinthu, polumikizira pake ndi kalankhulidwe kake ndi zinthu zina. Alimi ndi amalonda amakhala ndi miyezo yotere tsiku ndi tsiku. Kumbuyo kwa thirakitala kuli malo atatu okolekera zipangizo, njira imene anayambitsa Harry Ferguson, ndipo chifukwa chakuti makampani anagwirizana pa miyezo yake, pulawo ya kampani ina imakoleka pa thirakitala ya kampani ina. Kontena ya mafiti 20 kapena 40 imakwera sitima yapamadzi, sitima yapamtunda ndi lole popanda kupakula katundu, chifukwa ngodya zake ndi zofanana padziko lonse. Muyezo sunena kuti m'kontena muikidwe chiyani. Umangonena za pokumanira.

M'ndege zankhondo, muyezo wakale wodziwika kwambiri ndi MIL-STD-1553, umene unatuluka mu 1973 ndipo unayamba kugwira ntchito mu ndege ya F-16. Usanabwere, chipangizo chilichonse chinkafuna mawaya akeake opita ku chinzake, moti ndege inkalemedwa ndi mitolo ya nthambo. Muyezo umenewu unabweretsa msewu umodzi wa uthenga umene zipangizo zofika 31 zimagawana. Kompyuta imodzi imakhala ngati wapampando pamsonkhano: palibe chipangizo chimene chimalankhula chisanapatsidwe mpata. Misewuyi imakhala iwiri, kuti wina ukaduka wina upitirize ntchito. Liwiro lake ndi timagawo ta uthenga, totchedwa bit, 1 miliyoni pa sekondi. Lero liwiro limeneli ndi lochepa kwambiri moti silinganyamule zithunzi za makamera amakono, komabe muyezowu udakagwirabe ntchito m'ndege zambiri chifukwa ndi wodalirika.

Pofuna liwiro, opanga ndege anatembenukira ku Ethernet, njira yomwe imalumikiza makompyuta m'maofesi ndi m'masukulu. Kampani ya Airbus inaikonza kuti uthenga uliwonse uzifika pa nthawi yake yoikika, ndipo mtundu umenewu, wotchedwa AFDX, unalowa mu ndege yonyamula anthu ya A380 komanso mu ndege yonyamula asilikali ndi katundu ya A400M. Liwiro lake limaposa la MIL-STD-1553 kuwirikiza ka 100.

Miyezo ina ikukhudza maonekedwe a mabolodi enieniwo. Muyezo wa VME unayamba mu 1981 ndipo unalandiridwa kwambiri ndi opanga zida. Mu 2007 kunabwera wolowa m'malo mwake wotchedwa VPX, ndipo mu 2010 kunatuluka OpenVPX, wofotokoza mmene mabolodi a makampani osiyanasiyana angagwirire ntchito m'bokosi limodzi. Bolodi laling'ono pa miyezo imeneyi limakhala la mamilimita 100 m'lifupi ndi 160 m'litali. Likakalamba, limasololedwa ngati kabati ya tebulo, n'kulowetsapo latsopano.

Miyezo ya mapulogalamu ndi lamulo la boma

Kufanana kwa mabolodi sikukwanira ngati mapulogalamu sangasamuke. Kale, pulogalamu yosonyeza mapu yolembedwera helikopita ya mtundu wina inkayenera kulembedwanso kuyambira pachiyambi kuti igwire ntchito mu ndege ya mtundu wina, ndipo boma linkalipira kawiri kapena katatu pa ntchito imodzi. Mu 2010, nthambi za asilikali a ku America pamodzi ndi makampani opanga zida anakhazikitsa mgwirizano wotchedwa FACE pansi pa bungwe la The Open Group, ndipo muyezo wake woyamba unatuluka mu 2012. Muyezowu umagawa mapulogalamu m'zigawo ndi kulongosola zipata zimene zigawozo zimalankhulirana, kuti chigawo chimodzi chithe kunyamulidwa kupita ku ndege ina. Mgwirizano wina wa bungwe lomwelo, wotchedwa SOSA, umayang'ana za radar, makamera ndi zipangizo zomvera mafunde a adani, ndipo muyezo wake woyamba unatuluka mu 2021. Mutu umodzi susenza denga: makampani amene amalimbirana malonda anayenera kukhala pa tebulo limodzi kuti miyezoyi itheke.

Nyumba ya malamulo ya ku America inalimbitsa njira imeneyi kudzera mu lamulo la ndalama za chitetezo la chaka cha 2017, limene linalamula kuti zida zikuluzikulu zatsopano zizimangidwa m'zigawo zotheka kusintha, zolumikizana pa miyezo yodziwika. Njirayi imatchedwa MOSA mwachidule. Mu Januwale 2019, akuluakulu a nthambi zitatu za asilikali, apamtunda, apamadzi ndi am'mlengalenga, anasainira limodzi kalata yotsimikiza mfundo yomweyo. Pamene asilikali apamtunda ankasankha ndege ya V-280 Valor ya kampani ya Bell mu Disembala 2022, kuti idzagwire ntchito imene mahelikopita a Black Hawk akhala akugwira, kutsata njira imeneyi kunali chimodzi mwa zofunika zikuluzikulu.

Phindu lake

Phindu loyamba ndi mtengo. Ndalama zofufuzira ndi kumangira fakitale ya ma chip ndi zochuluka kwabasi, koma zikagawidwa pa mafoni ndi makompyuta mamiliyoni ambiri, chip imodzi imatsika mtengo. Asilikali akagula pamsika womwewo amadya nawo zipatso za ndalama zimene anthu wamba analipira kale. Mu 2010, nthambi yofufuza ya asilikali am'mlengalenga a ku America, ku Rome m'chigawo cha New York, inalumikiza makina a masewero a PlayStation 3 oposa 1,700 n'kupanga kompyuta yamphamvu younikira zithunzi za radar, pa mtengo wa pafupifupi madola 2 miliyoni, umene unali wochepa kwambiri poyerekeza ndi kompyuta yopangitsa mwapadera.

Phindu lachiwiri ndi changu. Mdani akatulukira njira yatsopano yosokonezera radar, dziko limene lingasinthe bolodi limodzi kapena pulogalamu imodzi m'miyezi yochepa limakhala patsogolo pa limene liyenera kudikira zaka. Lachitatu ndi mpikisano: polumikizira pakadziwika kwa onse, makampani ang'onoang'ono amatha kupikisana nawo pa chigawo chimodzi, ndipo boma silikhalanso kapolo wa wogulitsa mmodzi. Lachinayi ndi anthu ogwira ntchito. Mmisiri wophunzira Ethernet kapena chilankhulo cha makompyuta cha C++ kusukulu angathe kulowa ntchito ya ndege popanda kuyambanso maphunziro a njira yachinsinsi ya kampani imodzi.

Zovuta zake

Walira mvula walira matope. Vuto loyamba ndi lomwe lija la kukalamba msanga, limene kugula pamsika sikulithetsa koma kumalisintha maonekedwe. Makompyuta a ndege ya F-22 anamangidwa pa chip ya Intel yotchedwa i960MX, ndipo pamene ndegeyo inkayamba ntchito mu 2005, chip imeneyi inali itasiya kale kupangidwa. Zikatere, boma limakhala ndi njira zitatu: kugula ma chip ochuluka nthawi imodzi n'kuwasunga m'nkhokwe, kulipira fakitale ina kuti ipange ofanana nawo, kapena kukonzanso bolodi lonse. Njira iliyonse ili ndi mtengo wake. Nayo kompyuta ya PlayStation 3 ija inakumana ndi zofananazo: mu 2010 momwemo kampani ya Sony inachotsa mwayi woika mapulogalamu ena m'makinawo, moti makina atsopano sakanathanso kulowa m'malo mwa owonongeka. Wopanga katundu wa anthu wamba samafunsa asilikali asanasinthe malonda ake.

Vuto lachiwiri ndi katundu wachinyengo. Chip yofunika ikasowa kwa mwini fakitale, ogula amapita kwa amalonda apakati, ndipo mbava zimalowera pomwepo. Mu Meyi 2012, komiti yoona za asilikali mu nyumba ya Senate ku America inatulutsa lipoti lonena kuti m'zaka za 2009 ndi 2010 munapezeka milandu pafupifupi 1,800 yokhudza tizipangizo tokayikitsa toposa 1 miliyoni. Tina tinapezeka mu ndege za C-130J, C-27J ndi P-8A komanso mu helikopita ya SH-60B. Pa milandu yoposa 100 imene komitiyo inailondola mpaka kugwero, yoposa 70 pa 100 iliyonse inathera ku China. Achinyengowo ankazula ma chip pa mabolodi otayidwa, kuwatsuka, kupala zolemba zakale ndi kusindikizapo zatsopano. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: chip yotere imatha kupambana mayeso oyamba n'kudzafa ndege ili m'mwamba. Mlimi amene anadzalapo chimanga wamba chopakidwa utoto, atachigula ngati mbewu yovomerezeka, akudziwa kuti chinyengo chotere chimaululika nthawi yokonza zinthu itadutsa.

Vuto lachitatu linabwera ndi lamulo labwino. Kuyambira pa 1 Julayi 2006, mayiko a mu mgwirizano wa European Union analetsa mtovu m'zipangizo zambiri zamagetsi pofuna kuteteza thanzi la anthu ndi chilengedwe. Zida za asilikali sizinakhudzidwe ndi lamulolo, koma mafakitale ambiri anasiyiratu kugwiritsa ntchito mtovu, n'kumakuta miyendo ya ma chip ndi chitsulo cha tini chokhachokha. Tini wopanda mtovu, pakapita zaka, amamera tindevu tachitsulo topyapyala kuposa tsitsi, timene tingakhudze mwendo woyandikana nawo n'kuchititsa shoti. Pa foni yotayidwa pakatha zaka zitatu, zimenezi sizidetsa nkhawa kwenikweni, koma pa ndege ya zaka 30 ndi nkhani yaikulu. Setilaiti ya Galaxy IV, imene inasiya kugwira ntchito mu 1998, ndi chimodzi mwa zitsanzo zimene akatswiri amatchula pa vuto la tindevu timeneti.

Vuto lachinayi ndi chitetezo cha uthenga. Chinthu chodziwika kwa onse chimadziwikanso kwa mdani. Chibowo chikapezeka mu pulogalamu yofala kapena mu chip yogulitsidwa padziko lonse, ndege zogwiritsa ntchito zinthuzo zimakhalanso pachiopsezo. Mbali inayi, muyezo wounikidwa ndi maso ambiri umakonzedwa msanga kuposa wachinsinsi. N'chifukwa chake mayiko amasiya polumikizira poyera, koma amabisa zimene zili m'kati mwa zigawo zina, monga njira zozindikirira radar ya adani ndi makiyi otsekera uthenga.

Kulumikiza ndiye ntchito yaikulu

Kugula zigawo n'kosavuta; kuzigwirizanitsa kuti zikhale ndege imodzi yodalirika ndiye ntchito. Chitsanzo chaposachedwa ndi ndege ya F-35. Pofuna kuipatsa kompyuta yamphamvu, malo aakulu osungira uthenga ndi magalasi atsopano oonetsera woyendetsa, opanga anayamba ntchito yotchedwa Technology Refresh 3, yodalira kwambiri zipangizo zapamsika ndi kamangidwe kotseguka. Koma mapulogalamu anachedwa kukhazikika pa zipangizo zatsopanozo. Kuyambira mu Julayi 2023 kufika mu Julayi 2024, boma la America linasiya kulandira ndege zatsopano zokhala ndi zipangizozo, ndipo ndege zambiri zomalizidwa kale zinangoimikidwa kudikira. Pamene linayambiranso kulandira, ndegezo zinali ndi mapulogalamu ongoyembekezera, oyenera kuphunzitsira oyendetsa.

Chimene chimachedwetsa kwambiri ndi kutsimikizira kuti kusintha kwatsopano sikuika moyo pangozi. Pulogalamu yowongolera mapiko imayesedwa mzere ndi mzere, motsata malamulo okhwima monga a DO-178C, amene amagwira ntchito m'ndege zonyamula anthu ndipo asilikali ambiri anawatengera. Ngati mapulogalamu onse ali osakanikirana, kusintha kachinthu kamodzi kumafuna kuyesanso zonse. Yankho lake ndi kumanga makoma m'kati mwa kompyuta. Muyezo wa ARINC 653 umapatsa pulogalamu iliyonse chipinda chake chosungira uthenga ndi nthawi yake yogwirira ntchito, kuti ina ikasokonekera isagwetse zinzake. Kampani ya Saab ya ku Sweden inatsata nzeru yotere mu ndege ya Gripen E, imene inauluka koyamba mu Juni 2017: mapulogalamu oulutsa ndege analekanitsidwa ndi a ntchito zankhondo, kuti achiwiriwa azisinthidwa popanda kuyesanso oyambawo. Dziko la Brazil linasaina mgwirizano wogula ndege 36 za mtundu umenewu mu 2014.

Msika umodzi, ogula onse

Popeza ma chip amphamvu amagulitsidwa poyera, mayiko onse, abwenzi ndi adani omwe, amatunga pa chitsime chimodzi. Mu Ogasiti 2022, bungwe lofufuza za chitetezo la RUSI la ku London linaunika zida 27 za dziko la Russia zopezeka ku nkhondo ya ku Ukraine, ndipo linapezamo mitundu yosachepera 450 ya tizipangizo topangidwa kunja kwa Russia, tambiri mwa ito ta makampani a ku America. Mu kandege kouluka kopanda munthu ka Orlan-10 munapezeka kamera wamba ya Canon. Nkhondo yomweyo yaonetsanso mmene tindege ta drone togulitsidwa kwa ojambula zithunzi tasandukira zida.

Chifukwa cha ichi, mayiko ambiri amayang'anira malonda a katundu amene angagwire ntchito ziwiri, yamtendere ndi yankhondo. Mgwirizano wa Wassenaar, umene unayamba mu 1996 ndipo uli ndi mayiko 42, umasunga mndandanda wa katundu wotere. Wamalonda woitanitsa ma chip ena amphamvu, makamera oona kutentha kapena ma drone akuluakulu angafunsidwe kuti alembe amene adzagwiritse ntchito katunduyo ndi cholinga chake. Mafunso amenewa si chipongwe kwa wogula. Ndi zotsatira za kusakanikirana kwa msika wa anthu wamba ndi wa asilikali.

Zoyenera kuziganizira pogula

Dziko limene silipanga ndege koma limagula kwa ena limakhudzidwa kwambiri ndi nkhaniyi, chifukwa ndalama zosamalira ndege pa moyo wake wonse kawirikawiri zimaposa mtengo woigulira. Akatswiri a kagulidwe ka zida amalangiza kuti mafunso ena ayankhidwe mgwirizano usanasainidwe. Kodi polumikizira zipangizo pakutsata muyezo wodziwika, kapena ndi chinsinsi cha wogulitsa? Kodi mapulani a polumikizirapo adzakhala m'manja mwa wogula? Kodi chipangizo chikadzasowa pamsika, udindo wopeza cholowa m'malo mwake udzakhala wa yani, ndipo adzalipire ndani? Kodi tizipangizo tosinthira tidzachokera kwa mwini fakitale kapena kwa wogulitsa wovomerezeka, ndipo pali zikalata zolondolera gwero lake? Kodi amisiri a m'dziko logulalo adzaphunzitsidwa ndi kuloledwa kukonza okha?

Mafunso amenewa ndi omwewo amene kalabu ya alimi imafunsa isanagule thirakitala, kapena amene wamalonda amafunsa asanaitanitse makina a chigayo. Zipangizo zapamsika zimatsitsa mtengo wa tsiku logula ndipo zimabweretsa luso lamakono msanga, koma zimafuna kuyesedwa, kulondoledwa gwero ndi kusinthidwa pa nthawi yoikika. Miyezo ya onse ndiyo imachititsa kuti kusinthako kutheke popanda kuphwasula ndege yonse kapena kugwadira wogulitsa mmodzi. Njira ziwirizi zikayenda limodzi, ndege yomangidwa lero ingathe kulandira kompyuta imene idzapangidwe zaka 20 zikubwerazi, monga momwe B-52H ikulandirira radar ndi injini zatsopano patatha zaka zoposa 60 chitulukire m'fakitale.